Mzere Wosowa M'buku la Korali

Panali munthu wina mumzinda, bambo wa tayi, woyenda pa galimoto yakeyake. Dzina lake ndikulidziwa koma musandifunse, chifukwa ena mwa inu munavina pa ukwati wake.

Munthuyu ankaweta korali. Ndaona mwayang'anana. Korali ndi chinthu cha m'nyanja yamchere, chooneka ngati mwala wophuka nthambi, koma ndi chamoyo. Chimadya, chimakula, chimafa. Anthu opeza bwino amachisunga pabalaza m'thanki yagalasi, m'madzi othira mchere wogula, nyale ya buluu ikuwala pamwamba. Ine ndinagwira ntchito m'nyumba yotere zaka zinayi. Galasi ndinkapukuta ndine, ndiye sindikukuuzani za m'maluwa.

Oweta korali mumzindamo analipo asanu ndi atatu, kuwerengera munthu uja ndi abwana anga. Ankagawana mbewu monga timachitira ndi chinangwa: wathyola kanthambi, wapatsa mnzako, iye wakamata pamwala, kamera. Ndipo onsewo anali ndi buku limodzi lachikuto chakuda. Kanthambi kakachoka nyumba ina kupita ina, ankalemba mzere: wopereka, wolandira, mtundu, tsiku. Magetsi akathima masiku awiri zonse za m'thanki ya wina n'kufa, ankatsegula bukulo, n'kuona kumene kuli ana a korali wake, n'kukatengako. Matenda akagwa, bukulo ndilo linkanena nyumba zoti zichenjezedwe.

Wosunga bukulo anali mkazi wa munthu uja. Iye za miyala ya m'madzi analibe nazo ntchito, thanki ya pabalaza pake ankangoidutsa. Koma kale anali kalaliki wa pasukulu, wolemba mowongoka, ndipo akafunsa tsiku ankafuna tsiku lenileni.

M'gulumo munalinso mayi wina dzina lake Nasibeko, amene ukwati wake unatha. Wooneka bwino, woseka mokweza. Anali ndi korali wofiira ngati khala lamoto. Mkazi uja anali atauziratu mwamuna wake kuti, "Kwa Nasibeko mudzapita ine ndili pambali panu. Apo ayi, musapondeko."

Loweruka lina munthu uja anavala jekete yakuda, nati akupita kumaliro ku Balaka. Ku Balaka sanafike. Zimene anachita kwa Nasibeko tsiku lonse lathunthu ine sindinazione, ndiponso pano tili m'tchalitchi. Chimene ndikudziwa ndi chakuti anabwerako ndi kanthambi kofiira m'kabotolo. Anakamata kuseri kwa mwala waukulu, kumene mkazi wake sakanakaona. Mzere wake sunalembedwe.

Patapita milungu iwiri anathyola kanthambi kobiriwira m'thanki yomweyo, n'kupatsa mkulu wina wa m'gululo, a Likaomba. Mzere umenewo unalembedwa bwinobwino.

A Likaomba anali opuma pa ntchito, maso awo ataona kale zachimbuuzi. M'thanki mwawo munali korali wa buluu amene malemu akazi awo anamulera kuchokera pa kachidutswa kochepa ngati chala. Mumzinda monse munalibe wina wotero. Chimwalirireni mayiwo zaka zisanu, a Likaomba sanalole munthu kuthyolapo. M'mawa uliwonse ankakoka mpando n'kumwera tiyi pamenepo.

Kenako kwa Nasibeko kunagwa tizilombo. Ndi tinyongolotsi taphanthiphanthi, tofanana mtundu ndi korali amene tikumudya, moti diso silitiona. Timaikira mazira patsinde la kanthambi, ndipo pakatha milungu itatu mazirawo amaswa. Thanki ya Nasibeko inayera mbee, nthambi zonse ngati mafupa.

Mkazi uja anatsegula buku. Anaimbira foni onse amene analandirapo kwa Nasibeko, ndi amene analandira kwa iwowo. Anthu anazula, anadula matsinde, anaviika m'mankhwala, anatsuka matanki. Zambiri zinafa. Malinga ndi bukulo, nyumba zoyera, zopanda tizilombo, zinatsala ziwiri zokha: ya munthu uja ndi ya a Likaomba.

Munthu uja anakasuzumira kuseri kwa mwala wake. Kanthambi kofiira kanali katayamba kuyera kunsi. Anakazula, n'kukataya m'chimbudzi, osauza munthu.

Lamlungu masana gulu linakumana kwa abwana anga kuti nkhaniyi itsekedwe. Tiyi ndinkathira ndine. Mkazi uja anawerenga maina onse, kenako anakweza mutu.

"Nasibeko, alipo wina amene sindinamulembe?"

"Ndi omwe ali m'bukumo, amayi," anayankha Nasibeko, maso ali m'kapu. Tsiku limenelo sanaseke.

Apo a Likaomba anakoka chikwama pansi pa mpando. Anatulutsa timabotolo tisanu ndi kamodzi n'kutindandalika patebulo. M'kabotolo kalikonse munali kanthambi ka buluu.

"Mayi anu akanakhala moyo sakanaonerera matanki anu ali gwaa," anatero. "Ndaumira nthawi yaitali. Buku likuti kwanga ndi koyera, ndiye tengani muyambire pamenepa. Lembani msanga, amayi, basi yanga inyamuka posachedwa. Ndikupita kwa mwana ku Mzuzu, akandikonze masowa. Ndikakhalako mwezi."

Anthu anathokoza. Mayi wina anapukuta msozi. Mkazi uja anavundukula cholembera.

Ine ndinaima kumbuyo kwa munthu uja ndi ketulo. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwake kulowa mukolala. Nthawiyo sindinkadziwa kuti akuwerenga masiku, koma ankawerenga. Kanthambi kobiriwira kanali katakhala kwa a Likaomba milungu iwiri ndi theka. Akakhala chete, mazira akaswa mwini nyumba ali ku Mzuzu, ndipo pobwera ndi maso atsopano adzaona mafupa. Timabotolo tija natonso tinachokera m'madzi omwewo, ndipo tinali kupita m'matanki ongotsukidwa kumene. Zokokera mkuluyo pambali n'kumunong'oneza zinali zitachedwa. Wina anali atatambasula kale dzanja.

Akalankhula, womufunsa tsiku adzakhala mkazi wake yemwe.

Mzere woyamba unalembedwa. Wachiwiri unalembedwa. Abwana anga ananyamula kabotolo kawo n'kukayang'ana kowala.

"Ikani pansi kabotoloko, achimwene," anatero munthu uja. "Muli mzere wosowa m'bukumo."

Abwana anga anabweza kabotolo patebulo. Mkazi wake sanamuyang'ane. Anabwerera masamba awiri mmbuyo, n'kuika cholembera pamalo opanda kanthu.

"Wopereka?"

"Nasibeko."

"Wolandira?"

"Ine."

"Mtundu?"

"Wofiira."

"Tsiku?"

Nasibeko anali ataphimba nkhope ndi mpango.

"Loweruka, pa naini Malichi," anatero munthu uja.

"Tsiku la maliro a ku Balaka," anatero mkaziyo. Sikunali kufunsa. Analemba tsikulo mowongoka ngati masiku ena onse. Kenako anatsitsa chala mpaka pa mzere wa kanthambi kobiriwira. "A Likaomba, basi ija isiyeni ipite. Kwanu sikoyera."

Madzulo omwewo anakazula kanthambi kobiriwira kaja n'kukayang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Patsinde panali mazira ataunjikana ngati timbewu ta bonongwe, onse osaswa. Panatsala masiku atatu kapena anayi kuti aswe. Korali wa buluu anapulumuka, ndipo lero ali m'nyumba zisanu ndi ziwiri.

Mukufuna kumva za banja lija, ndikukuonani. Mkaziyo anapita kwa mkulu wake ku Zomba ndi sutikesi, buku lili m'khwapa. Ankhoswe anakhala pansi katatu. Anabwerera patatha miyezi isanu, ndipo mpaka pano bamboyo akati akupita kumaliro, amatchula dzina la malemu, mudzi wake ndi m'busa woika. Zinamupweteka, ndipo zinayenera kumupweteka. Koma a Likaomba akamuona amamuimirira n'kumupatsa moni wa manja awiri.

Amayi anzanga, ine nkhani za anthu ndimazikonda, mukundidziwa. Koma iyi sindinakuuzeni kuti mukaseke pampopi. Chimene munthu wabisa kuseri kwa mwala sichikhala pomwepo. Chimayenda ndi madzi n'kukalowa m'nyumba ya munthu amene sanamulakwire, amene akugona mtima uli m'malo chifukwa anauzidwa kuti zonse zili bwino. Mwina iwe uli ndi mzere wako wosalemba, ndipo nyumba imene kanthambi kako kanapita ukuidziwa. Manyazi adzakugwira, sindikunamiza. Koma pita ukanene, utchule ndi tsiku lomwe, timabotolo tisanachoke patebulo.