Dimba la Nasibeko ndi Bokosi la Maloko Atatu

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula. Vomerani kuti tili tonse, tiyambepo.

Kunali nkhanga ina, dzina lake Nasibeko. Mwamuna wake anafera pamsampha, n'kumusiyira ana. Chuma chake chinali kadimba kamodzi m'mbali mwa mtsinje, kosiyidwa ndi malemu amayi ake. Chaka china kunagwa njala. Ana analira, analira, mpaka Nasibeko anapita kwa Fisi kukabwereka dengu la mtedza.

Fisiyo ankachita katapila. Ukatenga dengu limodzi, ubweze awiri.

"Tengani, mayi," anatero Fisi, maso ali kudimba. "Koma mvula yoyamba ya chaka chamawa ikadzadontha madengu anga asanafike, dimba lija ndi langa."

Nasibeko anavomera. Akanatani?

Anagwira ganyu. Anapalira, anasenza, anatunga. Zonse zinkathera m'kamwa mwa ana. Tsiku lina kuchitsime anakumana ndi a Fulu, mayi wachikulire woyenda pang'onopang'ono.

"Iwe Nasibeko, wawonda ngati phesi. Ubwere Lachitatu pakhonde panga ndi chikho chimodzi cha mtedza."

"Chikho ndichipeza kuti, amayi?"

"Madengu a Fisi ukuwafunafuna usana wonse. Chikho cha iwe mwini chikukanike?"

Lachitatu Nasibeko anapita. Anapeza azimayi atakhala mozungulira: a Fulu, Nungu, Gologolo, Njiwa ndi ena, onse a zitenje zazigamba. Aliyense ankathira chikho chake m'dengu. Pa chikho chilichonse ankaponya kamwala m'kathumba ka mwiniwake, ndipo timatumbato tinkasungidwa m'bokosi la maloko atatu. Kiyi wina anali ndi a Fulu, wina ndi Nungu, wina ndi Gologolo. Mtedzawo sunkagona m'bokosi, ayi. Tsiku lomwelo unkabwerekedwa kwa ofuna kuchita geni, adzabweze ndi kapamwamba kochepa. Pakutha pa chaka adzagawana zonse molingana ndi timiyala.

Panalinso lamulo lina. Mayi aliyense asunge pamtima zikho za mnzake wokhala kumanja kwake, ndipo msonkhano usanayambe azitchula pagulu.

Lamulo limenelo linkamutopetsa Nasibeko. "Timiyala tilipo, tikutayiranji nthawi? Enafe tili ndi ntchito."

"Khala pansi," ankatero a Fulu.

Choipa china, wosunga zikho za Nasibeko anali Nungu. Awiriwa sankapatsana moni. Ana a Nasibeko anafukulapo mbewu m'munda mwa Nungu, ndipo Nungu saiwala.

Tisachedwe nazo. Nasibeko anabwereka mtedza, anasinja nsinjiro, anathyola mpiru kudimba, n'kukagulitsa zonse kumsika. Anabweza. Anabwerekanso, anabwezanso. Ana anayamba kusalala. Dengu limodzi la Fisi linadzaza, ndipo lachiwiri linkadikira tsiku logawana. Azimayi ataona khama lake anati, "Bokosi lizigona kwa Nasibeko." Analisenza pamutu kudutsa pakati pa mudzi, khosi lili njo.

Fisi anamva. Pakhomo pake panali patamera udzu, popeza obwereka anali atasiya kubwera. Dimba nalo linali kumupulumuka.

Anapita kwa Nasibeko ulendo woyamba, akumwetulira.

"Odi, mlongo wanga! Ndamva mwapatsidwa udindo. Koma chitseko chanuchi n'chabango. Bwanji bokosi ndikakusungireni kwanga?"

"Zikomo, a Fisi. Ulongo wathu wayamba liti?"

Fisi anabwerera.

Anapita ulendo wachiwiri, akunong'ona.

"Mayi, taonani mitambo. Mvula ili pafupi. Tiswe bokosili, mundipatse zanga, dimba likhale lanu. Anzanuwo mukawauza kuti kunabwera akuba."

Nasibeko anayang'ana kumwamba. Mitambo inalikodi. Koma anati, "Bokosili lili ndi eni ake. Ine ndine mlonda chabe. Yendani bwino."

Fisi anabwerera.

Ulendo wachitatu sanaodire n'komwe. Linali dzulo la tsiku logawana, dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali kuminda. Anamukankhira Nasibeko kumbali, analowa, ananyamula bokosi kumsana. Linali lolemera, lolemera zedi.

"A Fisi, muli timiyala tokhatokha mmenemo!"

"Timiyala timakhomeredwa maloko atatu? Mundipusitse ine?"

Anathamanga nalo dzandidzandi. Nasibeko anakuwa, koma panalibe womva. Anatsatira mapazi mpaka pathanthwe la kumtsinje. Kumeneko anapeza bokosi litaphwanyika, maloko ali ndi zipsera za mano. Timatumba tinali tong'ambika. Timiyala tonse tinali titagwera m'madzi, n'kusakanikirana ndi miyala ina ya mumtsinje.

Anakhala pansi. Popanda timiyala agawana bwanji? Popanda kugawana dengu lachiwiri lichokera kuti? Chakumadzulo kunagunda bingu.

M'mawa mwake azimayi anafika pakhonde pa a Fulu, aliyense atasenza mtedza wobweza. Mulu unakula mpaka kuposa msinkhu wa Gologolo. Nasibeko anafika pomalizira, atanyamula matabwa osweka. Anagwada, nafotokoza zonse.

Phokoso linabuka.

"Ndinanena ine!" anakuwa Nungu. "Bokosi kulipereka kwa mayi wangongole? Ana ake akuba, make angasiyane nawo?"

"Ine zikho zanga zinali zambiri kuposa za aliyense pano," anatero wina.

"Bodza! Iwe unajomba mwezi wathunthu!" anamuyankha mnzake.

Pamenepo anatulukira Fisi, akuyenda chokhwekhwereza, kumbuyo kutatsika.

"Wakuba ndi uyo!" anatero Nasibeko.

"Anandiona ndani?" anafunsa Fisi.

"Nanga msanawo watani?" anafunsa Gologolo.

"Nyamakazi, mwana iwe. Ulemu uzikhala nawo." Anakhala pachitsa. "Ine ndangobwera kudzaonerera. Pitirizani kukangana. Mvula ikadontha ndipita kudimba kwanga."

A Fulu anagogoda pansi ndi ndodo. "Khalani m'malo mwanu. Aliyense pamene amakhala masiku onse. Tiyamba monga timayambira."

Azimayi anakhala, akung'ung'udza.

A Fulu anatembenukira kumanja, natchula zikho za Njiwa. Njiwa anati, "N'zoona." Njiwa anatchula za Gologolo. Gologolo anati, "N'zoona." Mayi wodzitama uja mnzake anamutchulira zake, pamodzi ndi mwezi umene anajomba, ndipo iye anangoweramitsa mutu. Nasibeko anatchula za wa kumanja kwake osaphonya ngakhale chimodzi. Lamulo lomutopetsa lija linali litamulowa m'mutu iye osadziwa.

Fisi analeka kuseka.

Panatsala Nungu yekha. Nasibeko anamuyang'ana. Dimba lake lonse linali pa lilime la mdani wake. Nungu akangochotsapo zikho zingapo, ndani angamutsutse?

Mphepo yonunkhira mvula inawomba pakhonde.

Fisi anatsokomola. "Mayi Nungu, mbewu zanu zija munaziiwala? Ine ndikanakhala inu..."

"Simuli ine," anatero Nungu.

Anazula munga umodzi kumsana kwake, nauika pansi. "Ichi n'cha tsiku loyamba, anabwera ndi chikho chosadzaza bwino, tinamukhululukira." Anazulanso wina. "Ichi n'cha sabata imene kunali maliro kutsidya. Ichi n'cha sabata imene anagwa ndi mtolo wa mpiru pamlatho, tonse tinaseka." Anazula, anazula, anazula. Mzere wa minga unatalika mpaka kumapeto kwa mphasa.

"Zakwana," anatero Nasibeko.

"Sizinakwane. Khala chete. Sabata imene mwana wako anatentha thupi sunabwere, koma chikho unatumiza ndi Njiwa. Iwe waiwala, ine sindinaiwale." Anaikanso munga wina. "Ana ako ndi akuba. Koma zikho zako ndi izi."

Gologolo analiza nthungululu. Azimayi onse anamutsatira.

Anagawana msangamsanga, chifukwa kumwamba kunali kutada. Gawo la Nasibeko linadzaza dengu, n'kutsalako wina wodzaza nsengwa. Njiwa ndi Gologolo anathamangira kwa Nasibeko kukatenga dengu loyamba lija. Fisi ataona zimenezo anadzuka kuti azemere kwawo, akatseke chitseko mpaka mvula igwe. Koma msana unamukana. Azimayi anamupitirira panjira, madengu ali pamitu, akuimba. Pamene Fisi ankafika pakhomo pake, anapeza madengu awiri ali pakhonde, Nasibeko ataima pambali, manja ali m'chiuno.

"A Fisi, katundu wanu ndi uyu. Muyeze pamaso pa anthuwa."

Fisi anayeza. Anagwedeza madengu kuti mtedza utsike. Sunatsike.

"Tsopano nenani, onse amve. Dimba ndi la yani?"

"Ndi lanu," anatero Fisi chapansipansi.

"Sitinamve, achimwene a nyamakazi!" anakuwa Nungu.

"Ndi la Nasibeko!"

Pomwepo dontho loyamba linagwa pamphuno pa Fisi, tho!

Nasibeko sanathawe mvula. Anayenda pang'onopang'ono kupita kudimba kwa amayi ake, nsengwa ili pamutu. Pamphambano anaima, natapa mtedza wodzaza manja awiri.

"Mayi Nungu, iyi ndi mbewu imene ana anga anafukula."

Nungu analandira. "Lachitatu usachedwe," anatero. "Tikusonkherana za bokosi latsopano."

Fisi msana wake sunawongokenso. Mukadzamuona akuyenda kumbuyo kutatsika, mudziwe kuti ndi miyala ya azimayi imene anasenza.

Phunziro lake nali. Chuma cha gulu sichikhala m'bokosi. Chimakhala mwa anthu amene amasungirana zoona, ngakhale atayambana. Azimayi osauka akasonkha pamodzi n'kukhulupirirana, wakatapila amasowa polowera.

Nthano yanga yathera pomwepa. Mbatata ndinakwirira paphulusa ija yapsa, kaphuleni tigawane.