Raya Yomaliza ndi Anthu Atatu Achifundo

Kalekale, koma osati kale loiwalika, kugombe la nyanja yamchere kunali nsomba yotchedwa raya. Ndi yophwatalala ngati lichero, kumchira ili ndi mbola, ndipo siyiikira mazira, imabereka ana ngati mbuzi. Zombo zikuluzikulu zokoka makoka zinali zitatsala pang'ono kuzimaliza. A boma anati adzaletsa zombozo pokhapokha wina atasonyeza malo amene raya zimaberekera.

Ntchito imeneyo inali ya Mayi Kalonjere. Iwo akapeza raya ankaiyeza m'madzi momwemo, n'kuibaya kachipangizo paphiko, koti kazinena kumene nsombayo ikupita. Koma panadutsa zaka ziwiri osaona ngakhale imodzi.

Tsiku lina msodzi wina, Sandalamu, anakola raya yaikazi ya bere lalikulu. Kunyumba kwake kunalibe ndiwo, komabe sanaiphe. Anaikweza m'bwato, anavula malaya ake, kuwaviika m'madzi n'kuifunditsa. Kenaka anapalasa maola awiri dzuwa likuswa mtengo, kuti akaisonyeze kwa mayi aja. Sankadziwa kuti raya ikakhalitsa kunja kwa madzi imafooka pamodzi ndi ana ake.

Pagombe anapeza mlongo wake Esinati akutola nkhanu.

"Achimwene, malaya amodzi omwewa mwaveka nsomba? Alamu anga akamva achita nsanje."

"Iwe, kaitane mayi aja, usiye zolongolola."

Mayi Kalonjere atafika anagwada pafupi ndi mchira. Esinati anakumbukira mwamuna wake amene amatsimphina mpaka lero chifukwa cha mbola yotere. Anasolola mpeni n'kuidula, monga amachitira asodzi onse kumeneko.

"Pepani mayi, manja anuwa ndi olembera. Asalumale ife tikuona."

Mayiwo anangousa moyo. Mbola ija ndiyo inali mkondo wokhawo wa nsombayo.

Ndiye panatsala kubaya kachipangizo. Mwa dongosolo lake, singano imayenera kulowa mpaka mumnofu. Koma ataona mmene raya inkapumira movutika, mayiwo anaimvera chisoni. Anangobaya pakhungu pokha, n'kuikankhira m'madzi mosisita.

"Mwazunzika mokwanira, amayi. Pitani mukabereke."

Tsiku lachitatu kachipangizo kanathothoka, nsombayo isanafike kumene inkapita. Patatha sabata, mafunde anaitaya pamchenga. Phiko limodzi linali litadyedwa ndi nsomba yolusa yotchedwa shaki, m'mimba muli ana anayi, onse akufa. Raya ina sinaonekenso, ndipo zombo zija zikukokabe.

Atatuwo anakumana pomwepo, koma palibe analoza chala mnzake.

Sandalamu anati, "Ndine. Ndikanaimasula kunyanja komweko, bwenzi ili ndi mphamvu zothawira."

Esinati anati, "Ayi achimwene, ndine. Ndinaitumiza kunkhondo chimanjamanja."

Mayi Kalonjere anati, "Inu simunkadziwa. Ine ndinkadziwa, koma ndinamva chisoni. Ikanafa itatisonyeza njira, zinzake zikanapulumuka, ngati zilipo."

Anaikwirira pamodzi. Esinati anapatsa mayiwo nkhanu zake zonse kuti akadye, ngakhale iwo ankakana.

Nkhaniyi ndaitembenuza kambirimbiri ndikuchapa, ndikusita, koma yandikanika. Tsono ndikufunseni inu. Wina anataya ndiwo za ana ake, wina anatchinjiriza dzanja la mlendo, wina anaopa kuwonjezera ululu. Mwa atatuwa, ndani amene chifundo chake chinapha raya yomaliza? Nanga inu mukanakhala pagombepo, mukanagwira dzanja la yani?