Nkhunzi Yotsiriza ya Linunda

Kalekale, ana inu, m'mudzi wina wa kuchidikha munali mayi dzina lake Nankhoma. M'mawa wina anali m'khola, akuchotsa nkhupakupa m'khutu mwa nkhunzi yake, Kamdothi. Inali yaing'ono, ya linunda, mtundu umene malume ake anamusiyira. Mkaka wa ng'ombe zimenezi unali wochepa, koma zinkakhuta ndi mapesi ouma.

Mwamuna wake, Chakhaza, anafika ndi chingwe ndi anzake awiri.

"Anankhoma, tapatukani. Tikafule kameneka."

"Kalakwanji, bambo?"

"Simunaione nkhunzi ndagula ija? Msana ngati tebulo! Aka kakakwera misoti, tidzangoweta mbuzi."

Anzake aja anaseka.

"Siyaniko imodzi yokhayi," anatero Nankhoma. "Malume ankati mbewu saithera mumphika."

"Malume anuwo ankamwa tiyi wopanda mkaka!"

Anaigwetsa. Anaimanga. Anaifula. Nankhoma anatenga ndowa napita kumadzi.

Anthu ataona nkhunzi yatsopanoyo, nawonso anafula zawo. Mudzi uno anafula, mudzi uwo anafula. Mathole anabadwa aakulu, opanda linunda. Mkaka unachuluka mpaka agalu anaukana.

Chaka chachinayi mvula inanyanya, udzu unatalika, nkhupakupa zinabuka. Matenda a chigodola, obwera ndi nkhupakupazo, analowa m'makola. Nkhunzi yogula ija inatupa kuseri kwa makutu, inatsokomola, inagwa. Ana ake anatupa, anatsokomola, anagwa. Kwa Chakhaza kunatsala Kamdothi ndi ng'ombe zazikazi zitatu za linunda, zokalamba.

"Anankhoma," anatero Chakhaza, maso ali pansi, "ndikafune nkhunzi ya linunda zisanasiye kubereka izi."

"Pitani bwino."

Anafika pamudzi woyamba. "Odi kuno! Muli ndi nkhunzi ya makolo?"

"Tinafula, achimwene."

Anawoloka mtsinje. "Odi kuno! Nkhunzi ya makolo?"

"Tinafula."

Anakwera phiri, napeza nkhalamba ikupota chingwe. Atafunsa za nkhunzi, nkhalambayo inamuzindikira.

"Si inu munkati ndi mbuzi? Yanga ndinafula nditamva mawu anu. Khalani pansi, mumweko madzi."

Patatha mwezi Chakhaza anabwerera wopanda nkhunzi, chingwe chili paphewa. Nankhoma anamulandira chingwecho nachipachika.

M'mawa mwake imodzi mwa zazikazi zija inayamba kulira, ikufuna nkhunzi. Inazungulira khola. Inazunguliranso. Kenaka inakaima pambali pa Kamdothi. Kamdothi inainyambita pakhosi, nipitiriza kudya.

Zazikazi zija zinafa ndi ukalamba, imodzi imodzi, zosasiya thole. Kamdothi inakoka ngolo zaka khumi ndi chimodzi. Sinadwalepo ngakhale tsiku limodzi.

Nthano yalowa m'khola, ana inu, tsekani chipata. Mbewu ya kwanu ikatha, kulibe msika wokaigula.