Tsiku limene denga linatera pamutu pa Lufeyo

Ana inu, mumangomva akulu akuti mutu umodzi susenza denga. Mutu wakewo unali wa Lufeyo, mkamwini wa kwa aMbewe, ndipo ndikuuzani mmene zinayendera.

Lufeyo ankakonza njinga m'kachisakasa kaudzu kuseri kwa nyumba. Luso anali nalo, koma kudzimva, mayo! Anali ndi chitsulo cha miyendo itatu chokolekapo njinga, chokhala ndi kamwa lopanira. Amisiri onse amadziwa kuti umakulunga kansanza pa paipi ya pansi pa chishalo, n'kupana pamenepo, ndipo njinga ikakhala yolemera mnzako amaponda mwendo wa chitsulocho kuti chisagwe.

Tsiku lina apongozi ake aamuna, aMbewe, anamusiyira njinga yawo yakalekale, yolemera ngati ng'ombe. Njinga imeneyo sankabwereketsa munthu, ndipo m'mawa mwake ankafuna kutengerapo mdzukulu wodwala kupita naye kuchipatala.

"Ndikupondereni kodi?" anafunsa mkazi wake Esinati, ndowa ili m'manja.

"Pitani kumjigo inu. Ntchito iyi ndinayamba musanandidziwe," anayankha Lufeyo.

Esinati atachoka, Lufeyo anapana njinga ija pachitsulo, kenaka anatenga chingwe n'kumangirira mutu wa chitsulo ku mtanda wa denga. Nzerutu zimenezo! Koma mtandawo chiswe chinali chitaudya kale m'kati. Atangokanikiza sipanala pa nati yadzimbiri, kunamveka kuti thyoo! Chitsulo chinapendekeka, iye n'kuwakha njinga ndi manja onse awiri, ndipo denga linatera pamutu pake.

Anaima choncho, khosi likunjenjemera, udzu uli m'maso. Akasiya njinga, igwera pamwala n'kupinda gudumu. Akasuntha mutu, denga lonse liphwanya njinga ndi iye yemwe. Mantha anamugwira, chifukwa ankaganiza za mwana uja.

Pakhomo ponse panali munthu mmodzi yekha: apongozi ake aakazi, aNachisale, amene ankasenda chinangwa pakhonde. Paja mwambo wake mukuudziwa. Lufeyo akawaona m'njira ankapatukira kutchire, ndipo pazaka zisanu anali asanawayang'anepo kumaso. Anayamba wakhosomola. Anakhosomolanso. Kenaka manyazi anatha.

"Amayi! Pepani, ndithandizeni, ndikufa kuno!"

ANachisale anabwera akuthamanga, nsalu ili m'manja. Anatola munsi, n'kuchirikiza nawo mtanda, kenaka anaponda mwendo wa chitsulo ndi phazi lawo.

"Kwezani tsopano, bambo. Ndaponda."

Lufeyo anabwezera njinga m'kamwa muja, n'kupana bwinobwino. Anaunguza gudumu, anaunguza masipoko, osapeza chopindika ngakhale chimodzi. Anakhala pansi n'kupuma mpweya wautali, mtima uli m'malo.

Esinati pofika anapeza amayi ake akuyang'ana kumbali mwaulemu, phazi lili pachitsulo, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Mwanawe," anatero aNachisale, "uwauze amuna akowa kuti mutu wawo ndi wolimba ndithu, tauona. Koma mutu umodzi susenza denga."

M'mawa mwake aMbewe anapalasa njinga ija, mdzukulu ali pakaliyala, ndipo mwanayo anachira.

Ndiye mukamva mwambi umenewu, dziwani kuti ntchito yolemera imafuna anthu, ngakhale mwini wake akhale katswiri chotani. Kupempha dzanja si kuchepa. Lufeyo akanalola mkazi wake kuponda chitsulo poyamba paja, sakanakuwira apongozi udzu uli m'kamwa.