Modemu Yothamanga pa Nthambo Yadzimbiri

Panali munthu wina amene anali ndi kasitolo pa boma lina, masiku amene intaneti inkadzera mu nthambo za lamya. Nthambo yofika kwa iye inali yakale, yadzimbiri, yolumikizalumikiza, ndipo mvula ikagwa lamya inkangosokosa ngati mafuta m'chiwaya. Iye ankadziwa zimenezi. Komabe atapita kumzinda anakagula modemu yothamanga koposa, kabokosi kolumikiza kompyuta ndi lamya, nayamba kuuza aliyense kuti kwa iye uthenga umafika ngati mphezi.

Tsiku lina kunabwera amalume ake, a Kaliwo, atakwera matola kuchokera kumudzi. Maso awo anali atayamba ng'ala. Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kunja kwa dziko, anali atabereka, ndipo anatumiza chithunzi cha khandalo pa imelo.

"Mphwanga, ndionetse mdzukulu wanga maso asanathe," anatero.

Munthu uja anawakhazika pampando, anthu nadzaza pakhomo kudzaonerera. Modemu inalira, chithunzi chinayamba kutuluka kuchokera pamwamba. Chitangofika pa tsitsi la mwana, lamya inaduka. Anayesanso, inadukanso pomwepo.

Chochita ankachidziwa. Akanachepetsa liwiro la modemu kuti ligwirizane ndi nthambo yake yofooka, chithunzi chikanafika, ngakhale mochedwa. Koma atayang'ana anthu amene ankadzitama pamaso pawo aja, sanachepetse. M'malo mwake anayamba kunyoza a lamya, kunyoza mvula, kunyoza ngakhale wotumiza chithunziyo.

Dzuwa litapendeka, a Kaliwo anatola ndodo yawo.

"Usavutike, mphwanga. Tsitsi ndaliona. Matola angandisiye."

Anthu atabalalika, iye anatseka chitseko nachepetsa liwiro lija. Chithunzi chinabwera pang'onopang'ono: mphumi, maso, kakamwa, mpaka timanja. Lamya sinaduke. Anakhala akuyang'ana nkhope ya khandalo ngati munthu amene wapezeka akuba.

Chithunzicho anachisindikiza papepala, koma manyazi anamuletsa kupita nacho kumudzi. Akanakanena kuti chiyani? Anazengereza mpaka dzinja linatha.

Pamene anapita, anapeza amalume ake ali pakhonde, maso atatheratu, nkhope italoza kumene kunalibe munthu. Anagwada nawapatsa pepalalo. Iwo analisisita ndi zala, nalitembenuza, nalisisitanso kumbuyo kopanda kanthu.

"Zikomo, mphwanga. Tandiuza, wafanana ndi yani?"

Mwanayo anali atafanana ndi amalumewo.

Inu amene mukundimva, ambiri mwa inu muli ndi modemu yothamanga: nzeru, sukulu, lilime lakuthwa. Koma uthenga suyenda pa liwiro la mwini wake, umayenda pa mphamvu ya nthambo imene ili pakati pa inu ndi mnzanu. Nthambo imeneyo ikakhala yofooka, kaya ndi mwana wochedwa kumva, kaya ndi kholo lokalamba, kaya ndi banja limene lachita dzimbiri, chepetsani liwiro. Anthu a pakhomo aseka pang'ono, kenako apita kwawo. Koma amene wakhala pampando akudikira sadzakhala ndi maso mpaka kalekale.