Mbande za Khofi 1,547

Kalekale, kumapiri a ku Ntchisi, Lufeyo anafunsira mbeta kwa a Gwedeza, munthu wokonda masamu kuposa anthu. A Gwedeza anamuloza ku nazale nati, "Mbande za khofi izi zilipo 1,547. Udzale m'munda wanga m'mizere yofanana, pasatsale ngakhale imodzi. Mvula ikatha usanadzale, mwana wanga umuiwale."

Lufeyo anayesa mizere iwiri, inatsala imodzi. Anayesa itatu, zinatsala ziwiri. Mutu unaima. Tsono mnyamatayu anali ndi alongo ake atatu.

Wamkulu, Enelesi, anamupeza akukwirira mbande imodzi pachulu kuti zotsalazo zigawike pawiri. Anamugwira dzanja. "Iwe, fukula msanga! Apongozi akowo amawerenga ndi nthenga za nkhuku zomwe. Taona, nambalayi ikuthera pa 7, ndiye siingagawike pawiri kapena pasanu. Ukaphatikiza 1, 5, 4 ndi 7 upeza 17, ndiye patatunso iwalako. Usatayenso masiku pamenepo." Lufeyo anafukula mwamanyazi.

Wachiwiri, Dolofe, masamu a pamtima sankawadziwa, koma anali wopirira zedi. Anatola njere za chimanga 1,547, nayala mphasa, nayamba kuziika m'timilu. Lufeyo anadandaula kuti, "Achemwali, mwina nambalayi ndi ija yokana kugawika, apongozi angondikola dala." Dolofe anangopitiriza kugawa njere zake. Tsiku lachiwiri anaimba nthungululu: milu isanu ndi iwiri, uliwonse njere 221, osatsala kanthu.

Lufeyo anatola khasu akuvina. Koma wamng'ono, Fanesi, anali atapita kale kumunda ndi chingwe. Anabwera ndi matope m'miyendo. "Achimwene, mzere wa mbande 221 ukathera mumtsinje. Mundawo mulifupi umalola mapando makumi awiri okha, mulitali mizere zana." Anakhala pansi, naphwanyanso 221 yemweyo, napeza kuti ndi 13 kuchulukitsa ndi 17. "Dzalani mbande 17 pamzere, mizere ikhala 13 kuchulukitsa ndi milu isanu ndi iwiri ija, ndiye 91."

Anadzala mvula ikali kugwa. A Gwedeza anawerenga mzere ndi mzere kawiri konse, kufunafuna polakwika, koma sanapapeze. Anangoseka, ukwati n'kumangidwa. Ine ndimati anasangalala kuposa mkwati.

Chaka chitatha kunabadwa mwana wamkazi. A Gwedeza anati dzina lichokere kuchimuna, ndipo alitchule mlongo amene anapulumutsa ukwatiwo. Atatu onse anafika ndi mikanda m'manja.

Enelesi anati, "Popanda ine akanagwidwa chinyengo tsiku lomwelo."

Dolofe anati, "Popanda ine akanataya mtima n'kubwerera kwathu."

Fanesi anati, "Popanda ine khofi akanamera m'madzi."

Khanda lili m'chikuta, likudikira dzina, ndipo Lufeyo akungoyang'ana pansi. Inuyo mwamva zonse: ndani mwa atatuwa atchule dzina la mwanayu?