Mlandu wa Chigayo ndi Mkaka wa Mayi

Che Ndembo anafika kwa Mwalimu Sanudi itangotha swala, pemphero la masana, ndipo anawapeza kuseri kwa mzikiti wa ku Ntaja akumata ndowa yodontha. Mashehe ambiri a m'deralo anaphunzira pamiyendo ya mkuluyu, koma ndowa ikadontha iye sankaitana munthu. Anapatsana salamu, Ndembo n'kukhala pabenchi. Anali munthu woyenda chifuwa chili patsogolo, koma tsikulo ankangopotokola kofia yake m'manja.

Nkhani yake inkadziwika paliponse. Mng'ono wake atamwalira anasiya chigayo, ndipo mkazi wamasiye, Abiti Saizi, ankati mwamuna wake anampatsa chigayocho asanamwalire. Ndembo ankati ndi cha mtundu wonse, ndipo chiyambireni kugwa kwa golosale yake, chigayocho ndicho chinkadyetsa ana ake. Shehe wapamalopo anakana kuweruza poti anakwatira mlongo wa Ndembo, choncho akuluakulu a mizikiti anatumiza Shehe Jafali wa ku Nkhotakota kuti adzamve mlanduwo mawa lake. Lamulo lawo linali lakuti dzina la woweruza wobwera lizilengezedwa nthawi ikadalipo, ndipo amene ali ndi chifukwa chomukanira anene mboni yoyamba isanatsegule pakamwa. Mboni ikangoyamba, kukana kwatha.

Ndembo anayamba ndi kuzungulira, monga amachitira anthu amene abwera kudzapempha chilolezo cha chinthu chimene achiganiza kale. Anafunsa ngati lamulo limakakamiza munthu kukana woweruza amene iye mwini alibe naye vuto. Mwalimu anati silikakamiza. Anafunsanso ngati kukhala chete ndi bodza. Apa Mwalimu anaika ndowa pansi, n'kupukuta manja.

"Che Ndembo, funso lanu lavala zovala zambiri. Livuleni tilione."

Ndembo anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu. Anati mayi ake, amene tsopano ndi okalamba kwambiri, atamva dzina la woweruzayo ndi la bambo ake anagwetsa misozi. Kalekale ku Liwonde, mayi ake a Jafali anamwalira mwanayo ali wakhanda, ndipo mayi ake a Ndembowo ndiwo anamuyamwitsa bere limodzi ndi Ndembo mpaka bambo ake anadzamutenga kupita naye ku Nkhotakota. M'Chisilamu woyamwa nawe bere limodzi ndi m'bale wako. Jafali sankadziwa, Abiti Saizi sankadziwa, ndipo panalibenso wina wamoyo wokumbukira.

Mwalimu anafunsa chimene chingamupindulire poti woweruzayo sakudziwa kanthu. Ndembo anazengereza, koma anaulula. Ankafuna kukhala chete m'mawa mpaka mboni yoyamba italankhula, ndipo popumula masana abweretse mayi akewo kuti adzaone mwana amene anamulera. Sankafuna kupempha kalikonse. Mayiwo akangomugwira dzanja n'kulira, basi.

"Mwalimu, sindiswa lamulo lililonse. Ufulu wokana ndi wa mlamu wanga. Akapanda kuugwiritsa ntchito, ine ndalakwa chiyani?"

Mwalimu anamufunsa modekha chimene akanachita zikanakhala kuti mayi ake a Abiti Saizi ndiwo anayamwitsa woweruzayo. Ndembo anayankha mosaganiza n'komwe kuti akanamukana asanatsike pabasi. Apo anazindikira kuti mawu akewo amutsutsa yekha. Mantha anamugwira, ndipo mantha aja anasanduka mkwiyo. Anaimirira n'kunena kuti Mwalimu alibe chigayo choti angataye, kuti woweruza wina akabwera mboni za mkaziyo zimupsinja, ndipo ana ake adzagona ndi njala chifukwa cha ulemu wa m'mabuku.

Mwalimu sanakweze mawu. Anavomereza kuti chigayo chingathe kumuchoka ndithu, ndipo anati sangamunamize pa zimenezo. Kenaka anamupempha kuti akhalenso pansi, ndipo anadikira mpaka Ndembo atakhala.

"Bambo, lamulo linapatsa mlamu wanu ufulu wokana, koma chifukwa chokanira Allah wachiika m'kamwa mwanu. Mukachisunga, mwamulanda ufuluwo iye asakudziwa. Ndiye taganiziraninso za Jafali. Akadzamva masana, akakuweruzirani bwino anthu adzati wakondera m'bale wake. Akakuweruzirani moipa, adzabwerera kwawo akudziwa kuti waliritsa mayi amene anamupulumutsa ku imfa. Kulikonse mwamuvulaza, munthu woti sanakulakwireni."

Ndembo anafunsa kuti nanga achite chiyani.

"Mawa m'mawa, mboni isanaitanidwe, muimirire pamaso pa onse munene kuti: uyu ndi m'bale wanga, sangandiweruze. Akatero atsike pampando, apite kunyumba kwanu akaone mayi ake ngati mwana, adye nawo mosaopa munthu. Chigayo adzaweruza wina, ndipo sindikudziwa kuti chidzagwera ndani. Koma mayi anu anayamwitsa mwana uja chifukwa ankalira ndi njala, ndipo sanalipiritse munthu. Musawatengere kubwalo atakalamba chonchi kuti akagulitse mkaka umene anaupereka ulere."